Nkhope ya Anaphiri pa Sikirini

Leah Mpinganjira anayamba kujambula zithunzi pa Chileka anthu akunena kuti imeneyo ndi ntchito ya amuna. Maukwati, zinkhoswe, tizithunzi ta pasipoti, zonse ankakonzera pa kalaputopu kake kakale, kotentha ngati mbaula. Kameneko kanamulerera ana awiri, ndipo ankakanyadira. Koma tsiku lina kanamuchititsa manyazi osaiwalika.

Malemu mayi ake, Anaphiri, anasiya chithunzi chimodzi chokha, atavala yunifolomu ya Mvano, ndipo chinali chitafwifwa ndi chinyezi cha m'sutikesi. Banja linagwirizana kuti nkhopeyo iikidwe pa chiliza. Leah anachikonza, n'kukachitsukitsa m'tauni, n'kupita nacho ku Lirangwe kwa bambo ake, a Frazer, mphunzitsi wopuma. Mkuluyo anavala magalasi n'kuyang'anitsitsa.

"Ameneyu ndi mkazi wa ndani?"

Leah anachiyang'ananso chithunzicho. Palaputopu nkhope inkaoneka bwinobwino, koma papepala mayi ake anatuluka ofiira ngati odzola mafuta oyeretsa khungu, bulauzi ya Mvano ili yachikasu. Mayi amene ankachapa bulauzi imeneyo mpaka zala kusupuka! Kani sikirini inkamunamiza zaka zonsezi, makasitomala osadandaula poti ambiri kuyera amakukonda.

Amisiri anali atayamba kale kumanga chilizacho, ndipo wodinda zithunzi pa matailosi anachenjeza kuti Leah akachedwa, chiliza chivundukulidwa chopanda nkhope. Anathamangira kwa Isaki, wokonza makompyuta pamsika, kuti amulumikizire kompyuta ya patebulo. Isaki ndiye wolongolola ngati wailesi.

"Sisi, tiike memore yambiri, purosesa yamphamvu, ndi mafani owala aja. Makina aziuluka!"

"Sindikupita ku Joni ine, achimwene. Memore ndi purosesa ikani, zowalazo ayi. Ndionetseni masikirini."

Analipo angapo, onse a kaunjika, ndipo chithunzi chomwecho chinkaoneka mosiyana pa iliyonse. Yonena zoona ndi iti? Mwini nkhope ali m'manda, woyerekezera palibe. Mutu unamuima. Kenako anakumbukira mayi ake aang'ono, a Elsie a kwa Kuntaja, omwe khungu lawo ndi la malemu ndendende. Anawatumizira njinga yamoto.

Anafika akung'ung'udza, khasu atalisiya m'munda. Leah anawajambula pakhonde, kenako anawaimika pambali pa sikirini iliyonse, tsaya moyandikana ndi galasi, chithunzi chawo chikuoneka pomwepo. Yoyamba inawafiiritsa. Yaikulu, imene Isaki ankaichemerera, inawadetsa bii.

"Mwana iwe, ndasanduka mbuzi ya pamsika ine?" anakalipa a Elsie.

"Pepani amayi, yatsala imodzi."

Inali yaing'ono, yokalika pakona. Leah anayang'ana tsaya, n'kuyang'ana galasi. Sizinasiyane. Anainyamula yekha, osalola Isaki aigwirenso.

Anayambiranso ntchito yonse, akupemphera kuti magetsi asathime. Anabwezera khungu la mayi ake pang'onopang'ono, bulauzi n'kuyeranso mbee. Mu minibasi ya ku Lirangwe anakumbatira envulopu njira yonse. Ankaopa kwambiri, chifukwa bambo ake akanakananso, nthawi yokonzanso panalibe.

Anawapeza pakhonde, ndipo anagwada n'kupereka ndi manja awiri. A Frazer anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali.

"Anaphiri," anatero chapansipansi.

Misozi inalengeza m'maso mwa Leah. "Ndiye ndikapereke kwa a matailosi, bambo? Lero likadutsa sadinda."

"Ayi."

"Ichi mukhoza kusunga, iwo ndiwapatsa china."

Mkuluyo anapukusa mutu, n'kugunditsa chithunzicho pachifuwa.

"Pachiliza mulembe dzina basi. Kumanda ndinawaperekeza kale kamodzi, sindiwaperekezanso. Awa akhala m'nyumba muno ndi ine."