Aphungu Sanakhale Pansi

Akazi anga ankagulitsa tomato, anyezi, impwa ndi kapenta pa kamsika ka kwathu mu Lusaka, kuseri kwa Chilenje, panjira yopita ku Lilayi. Anayamba ana athu ali aang'ono. Ine ndinali mlonda wa pageti, poyamba ku Woodlands, kenako ku Kabulonga, mpaka maondo anakana. Malipiro anga ankabwera pakutha pa mwezi, koma chimene chinkayatsa mbaula tsiku ndi tsiku chinali thebulo lawo lija. Izi sindinawauzepo ali moyo. Ankadziwa okha.

Msikawo unali wa matabwa ndi malata akale. Sunali wokongola, koma unali ndi mthunzi. Chaka china kunabwera uthenga woti ndalama zachitukuko za dera lathu zatuluka, ndipo atimangira msika wa njerwa, wokhala ndi mpopi ndi zimbudzi. Amayi onse anauzidwa kuti asamukire m'mphepete mwa msewu kwa kanthawi. Mawu oti kanthawiwo ndinawamva ndi makutu anga.

Msika wakale anaugwetsa. Anaimika zipilala, nakhoma denga, natchinga ndi waya kuzungulira. Kenako amene anapatsidwa ntchitoyo ananyamula makina ake n'kusowa. Pansi panatsala dothi ndi njerwa zosweka. Mpopi unaima wouma. Makoma a zimbudzi anathera m'chiuno. Pageti anakhoma loko, makiyi n'kukhala kwa anthu a akhansala.

Mvula inagwa n'kutha, ina n'kubweranso. Akazi anga anali pamsewu, pansi pa ambulera yong'ambika. M'chilimwe ankameza fumbi la maminibasi, m'dzinja ankaponda madzi a m'ngalande. Tomato wa fumbi anthu amamunyoza. Makasitomala a m'mayadi anayamba kukagula m'mashopu akuluakulu. Akazi anga chifuwa chinawayamba nthawi imeneyo. Ankatsokomola m'mawa uliwonse n'kumati ndi utsi wa mbaula.

Ndiye kunamveka kuti kukubwera kagulu ka aphungu a Nyumba ya Malamulo, amene ntchito yawo ndi kuyendera zimene boma lamanga kuti aone ngati ndalama zinagwiradi ntchito. Akhansala anatsimikiza kuti msika wathu uli pa ulendo wawo. Ndinati zakhala bwino. Abwere adzaone okha. Munthu wa maso safunika kumuuza kuti mpopi ndi wouma.

Amayi a pamsika anakumana, nasankha akazi anga kuti adzawalankhulire. Anali aakulu pa onsewo, ndipo sankachita chibwibwi pamaso pa munthu aliyense. Akaweruka ankayeserera pa ine. Ankandikhazika pampando pakhonde kuti ndikhale phungu.

"Khalani bwino, abwana. Sanjikizani miyendo ngati munthu wa galimoto."

"Ine si wa zisudzo."

"Nkhope muli nayo kale. Phungu weniweni atakuonani angathawe."

Ndinkakhala. Iwo n'kupinda maondo pang'ono, n'kuyamba. Mawu awo anali ochepa, opanda kulira, opanda kutukwana. Akalakwitsa pena ankabwereza, mpaka ine ndinawaloweza osafuna.

Litatsala tsiku limodzi kuti alendo afike, ndinawapeza m'mawa akusonkhanitsa zidebe ndi matsache.

"Mukupita nazo kuti?"

"Kukakonza msika. Akhansala atibwereka makiyi."

"Kukonza chiyani? Usiyeni momwe ulili. Anthuwo akubwera kudzaona zimenezo."

"Alendo afikire pa zinyalala, pamene agalu amagona? Adzati amayi a kuno ndi auve."

"Uvewo si wanu. Ndi wa amene anathawa."

"Amene anathawa sadzakhalapo, abambo. Odzaima pamenepo ndife."

Ndinawauza zimene ndinkadziwa. Anthu otere ndinawatsegulira mageti moyo wanga wonse. Amatsika galimoto diso lili pa wotchi. Ndinati, "Chabwino, sesani. Koma akangotsika, nenani pomwepo. Musadikire."

Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. "Munthu wangofika kumene, fumbi likadali kumapazi, ine n'kumuthira madandaulo? Ku Katete kwanuko munaleredwa choncho? Ayambe akhala pansi, amwe kanthu, atifunse malonje. Pamenepo ndidzanena zonse, osasiya ngakhale chimodzi."

Kwathu ndi mmene zimakhalira. Moni ndi moni chabe. Munthu akakufunsa uli chiimire umati tili bwino, ngakhale m'nyumba muli wodwala. Nkhani yeniyeni imatuluka mlendo akakhala pansi. Ine ndinaleredwa momwemo, ndipo ana anga ndinawalera momwemo. Sindinapitirize.

Anagwira tsiku lonse, Achewa, Ansenga, Abemba a ku Luapula ndi a ku Kopala, onse pamodzi. Ndinapita masana kukaona. Anali atachotsa njerwa zosweka n'kusesa. Akazi anga anali ataitanitsa dothi lakuda la kudambo pa wilibala, ndipo anagwada n'kuyamba kuzira pansi, monga ankazirira m'nyumba ya mayi awo ali mtsikana. Amayi achichepere obadwira mu Lusaka sankaidziwa ntchitoyo, ankangoseka.

"Ba mbuya, iyi ndiye simenti ya kumunzi?"

"Gwada apa uphunzire, iwe. Mphamvu zonse zinathera pakamwa."

Anagwada, naphunzira. Anazira ndi manja, nasalaza ndi miyala. Pofika madzulo pansi ponse panali pakuda, posalala, powala ngati simenti yopaka polishi. Anadzaza migolo ndi madzi otunga kunyumba zawo n'kuiika pafupi ndi mpopi, kuti alendo apeze posamba m'manja. Kutsogolo kwa zimbudzi zija anapachika zitenje, ati n'zochititsa manyazi. Mabenchi anabwereka kutchalitchi. Mnzawo wa akazi anga, mayi wa Chibemba, amene thebulo lake linkagundana ndi lawo kuyambira msika wakale, anakonza munkoyo, chakumwa chonga thobwa, chidebe chodzaza.

Akazi anga anabwera kunyumba maondo atatupa, zikhadabo zakuda, akutsokomola, koma akuseka. Ndinali ndisanawaonepo choncho chigwetsereni msika wakale.

M'mawa mwake amayi analowetsa katundu wawo, kuti alendo asakaime padzuwa kumsewu. Anaunjika tomato m'timilu, nawaza masamba madzi. Ine ndinavala jekete langa n'kukaima pafupi ndi chipilala. Sindinama, unkaoneka ngati msika. Ngakhale ine mtima unandinyenga pang'ono.

Magalimoto anafika dzuwa litakwera. Anatsika aphungu, wa dera lathu ali patsogolo, kenako akhansala ndi ojambula zithunzi. Amayi anaimba, naimba nthungululu. Wotsogolera gululo, bambo wa magalasi, anayang'ana denga, nayang'ana pansi, nanena m'Chingerezi kuti ndi zokongola. Phungu wina wamkazi anagwira akazi anga dzanja.

"Muli bwanji, ba mayo?"

"Tili bwino, mayi. Takulandirani. Mipando ili apa."

"Zikomo, zikomo. Malonda ayenda?"

"Tithokoza Mulungu. Khalani pansi, mayi, mumweko munkoyo."

"Awe, ba mayo, nthawi yatha. Ku Kabwata batiyembekeza, na ku Chelstone futi. Tizabwela tsiku lina."

Wa kamera anajambula tomato, migolo ya madzi, zitenje zija. Wina anasamba m'manja. Wina anagula impwa, anthu n'kuwomba m'manja. Palibe anakhudza mpopi. Palibe anakweza chitenje.

Ndinaona kuti akuyamba kutembenuka. Ndinanyamula ndodo yanga. Kungobaya pansi kamodzi, dothi likanaonekera. Koma poyang'ana pobayapo ndinaona mizere ya chikhatho cha akazi anga. Ndinayang'ana iwo. Anali ataima pafupi ndi benchi, kapu yodzaza m'manja, akudikira. Ndodo ndinaitsitsa. Ntchito ya manja awo sindikanaiboola pamaso pa anthu, ndipo ngakhale lero sindingaiboole.

M'malo mwake ndinalankhula. "Abwana, pansi apa si simenti."

Nthawi yomweyo amayi anakweza nyimbo, poganiza kuti alendo akulowera ku mabenchi. Mawu anga anamira. Munthu wa akhansala anandigwira paphewa. "Pambuyo, madala, pambuyo."

Zitseko za magalimoto zinatsekedwa. Nyimbo inafera m'kamwa. Akazi anga anaimabe ndi kapu ija, akuyang'ana fumbi kugeti. Kenako anakhala okha pa benchi la alendo, naika kapu pambali. Mnzawo wa Chibemba anavundikira chidebe chake. "Awe mwandi," anatero.

Madzulo makiyi anabwezedwa, katundu n'kubwerera kumsewu. Msika wopanda madzi ndi zimbudzi suloledwa kutsegulidwa, poopa kolera.

Patapita miyezi, akhansala anatiuza pamsonkhano kuti aphungu analemba zoti msika wathu unatha, ndipo amalonda akuugwiritsa ntchito. Ndalama zomalizira ntchito zotsalira zinapita kumadera amene anaoneka ovutika. Amayi atadandaula, akhansalawo anatambasula manja. "Nanga si munaukongoletsa nokha?" Tinapita ku ofesi ya phungu wathu. Anati ali kumsonkhano. Tinapitanso. Anati ali kunja kwa tauni.

Aphungu sananame. Analemba zimene anaona. Koma munthu amene watumidwa kukaona ayenera kutsegula mpopi ndi dzanja lake, ayenera kusuzumira kuseri kwa nsalu, ayenera kukhala pansi. Ngati alibe nthawi yokhala pansi, asabwere. Kubwera kwawo kunatipweteka kuposa kusabwera.

Akazi anga sindinawanenepo kuti ndinakuuzani. Nkhaniyo sitinkaikhudza. M'mawa wina, akumanga katundu wawo m'thumba, ananena osandiyang'ana.

"Mukanabaya ndi ndodo ija."

Sindinkadziwa kuti anaona. Ndinati, "Imwani tiyi wanu, akuzizira."

Dzinja lotsatira mvula inali yambiri. Ngalande inasefukira mpaka pamene akazi anga ankakhala. Ndinawaletsa kupita.

"Ndiye tidya chiyani, jekete lanulo?"

Anapita. Ankabwera nsalu zitanyowa, mapazi atayera ndi madzi, pamene denga louma linali kumbuyo kwawo, kuseri kwa waya. Chifuwa chinalowa mkati. Anagona kuchipatala, ndipo anamwalira mvula isanathe.

Phungu wathu anabwera pamaliro. Anamupatsa sofa pansi pa tenti, kumene kunali amuna. Anakhala pansi. Anaweramitsa mutu, napepesa, nafunsa mmene zinayendera. Abale anandiyang'ana kuti ndifotokoze za matenda, monga zimakhalira. Mlendo anali atakhala, ndipo anali atafunsa malonje. Ndiye ndinamupatsa mawu a akazi anga, monga ankawanenera pakhonde paja.

"Abwana, denga tathokoza. Koma pansi pamene mwapondapa ndi dothi, tazira ndi manja athu kuti musadetse nsapato. Madzi mwasambawo tatunga kunyumba zathu. Kuseri kwa zitenje uko kulibe chimbudzi. Mukachoka pano ife tibwerera kumsewu. Sitikupempha mphatso. Malizani chimene munayamba, tilowe, tigulitse, tizilipira msonkho monga kale."

Ndinaonjezera anga ochepa. Ndinati, "Mwini mawuwa ali m'bokosi. Anakudikirani ndi kapu m'manja."

Amayi amene anali pafupi ndi windo anamva, ndipo mnzawo wa Chibemba uja anayambitsanso kulira m'nyumba. Mlamu wanga anandikoka jekete kuti ndachita zosayenera pamaliro. Phungu anati nkhaniyo waimva, ndipo akaiyang'ana. Anasiya thumba la ufa. Ufawo unadyetsa anthu olira.

Msika ukadali wokhoma. Amayi akadali pamsewu, ndipo pamalo pa akazi anga pakhala wina, wachichepere, mmodzi mwa amene ankaseka simenti ya kumudzi. Akandiona amafuna kundipatsa tomato. Ndimagula.

Ndikamapita kukiliniki ndi maondo angawa ndimadutsa pamenepo, n'kuima pa waya. Dothi linang'aluka, udzu wamera m'ming'alu, agalu anabwerera. Koma pangodya ina, pamene mvula siwombera, mizere ya chikhatho chawo ikuonekabe. Ndimaima pang'ono. Odutsa amandipatsa moni, "Muli bwanji, ba shikulu?" Ndinasiya kuyankha kuti ndili bwino. Ndimawauza mmene ndilili, pomwepo, chiimire. Ndamva kuti amati ndine nkhalamba yamwano. Anene.