Chala cha Sefako

Mlamu wanga Sefako anabadwa akukana. Azamba atamumenya kambama kuti alire, iye anangowayang'anitsitsa mpaka analira ndi iwowo. Ana ake amati ndimawonjezera. Analipo iwowo?

Anakulira ku Ha Ramoseli, kumapiri komwe mphepo ya mu Julayi imameta munthu ndevu kwaulere. Paunyamata anaweta ng'ombe za kwa mfumu, atakula n'kumameta nkhosa. Atakwatira mlongo wanga 'Malineo anapatsidwa munda wa tirigu m'mbali mwa mtsinje, ndipo ankaukonda kuposa ife akuchikazi tonse kutiphatikiza pamodzi. Analinso ndi hatchi imodzi yokalamba, yomwe ndimakhulupirira kuti inakwera nawo chombo cha Nowa.

Mfumu yathu, Morena Khoabane (kwathu mfumu timati morena), inamwalira ilibe mwana wamwamuna. Patapita zaka zinayi mkazi wake wamkulu anabereka Thebe. Palibe anafunsa kanthu, poti kwathu mwana ndi wa ng'ombe: mwamuna amene ng'ombe zake zinalowa m'khola la makolo a mkazi ndiye bambo, kaya ali moyo kaya ali kumanda. Mng'ono wa malemu, Morena Lesaoana, anagwirizira mpando kuti mwanayo akule kaye. Anaugwirizira zaka makumi awiri ndi zisanu, mpaka mpandowo unamumerera kumbuyo ngati mchira.

Thebe atafuna mpando wake, Lesaoana anayamba kunena kuti ng'ombe za ukwati wa mayi a Thebe sizinafike n'komwe. Abale anagwirizana zoitanitsa anthu pabwalo, kuti dzina lotuluka pamenepo lipite kwa mfumu yaikulu ya dziko. Koma mwa anyamata amene anapita nazo ng'ombezo kale lija, wamoyo anali Sefako yekha.

Kutatsala masiku awiri, Lesaoana anamupeza kumunda, namutchula mwaulemu kuti ntate, ndiye kuti bambo.

"Ntate Sefako, tirigu wabereka. Paja minda amagawa ndi mfumu, eti? Amalandanso ndi mfumu."

"Ndikudziwa, Morena."

"Ndiye pa msinkhu wanuwu, kuiwala si tchimo."

"Anandithawa ndi mano, Morena. Mutu ulipo."

Kunyumba mlongo wanga anakalipa mpaka nkhuku zinasamukira mudzi wina. "Bambo a Lineo, choona chanucho tidzachiphika ndi chiyani? Munda ukapita mudzadya mfumu?"

Ine monga munthu wanzeru ndinapereka malangizo. "Mlamu, ingodwalani. Ndikauza anthu kuti mwagwa pa hatchi."

"Hatchi yanga ilibe mphamvu zogwetsa munthu. Ukanama, uzinama zomveka."

Tsiku la bwalo kunadzaza anthu, nkhosa nazo zinabwera kudzamvera. Sefako anaimirira, nakonza bulangeti paphewa, n'kuvula jombo yakumanzere. Anthu a kutsogolo anabwerera m'mbuyo mamita khumi, ndipo khwangwala wina anagwa kuchokera m'mwamba.

"Chala ichi," anatero kwa Lesaoana akuloza chala chachikulu chophwatalala ngati chikwanje, "inandiponda ndi ng'ombe yakuda yothyoka nyanga, pakhomo la khola la apongozi a mkulu wanu. Zinalowa ndikuona, ndikulira. Apongoziwo anapha yawo posonyeza kuti ukwati watheka, ndulu n'kuthira m'manja mwa mkwati. Chiwindi munadya ndinu, Morena, simunandigawire."

Anthu anaseka. Lesaoana sanaseke.

"Chala si umboni! Tamuonani Thebeyu. Mphuno iyi ndi ya mkulu wanga? Munthu wakufa zaka zinayi amabereka? Khala pansi, wometa nkhosa iwe, usanagone ndi njala!"

Ndinamukoka bulangeti mlamu wangayo kuti akhale pansi. Anandiponda ndi chala chomwecho.

"Njala ndimaidziwa, Morena, tinakulira limodzi. Koma ngati lero tasiya ng'ombe n'kuyamba kuyeza mphuno, tiyambire kumtunda. Inu munabadwa bambo anu ali kumigodi ku Joni chaka chachitatu osabwera. Anakutumizani m'kalata? Ife tinakutchani mwana wa mfumu chifukwa cha ng'ombe. Mukazikana, tsikani nonse awiri, tiikepo hatchi yanga."

Bwalo linati zii. Ndinamva nsabwe ikutsokomola m'bulangeti la munthu wa kumbuyo kwenikweni. Kenaka madoda anayamba kugwira mphuno zawo mobisa, poti ndani pamenepo bambo ake sanapite ku Joni? Ine yanga ndinaiphimba ndi chipewa. Mkulu wina anakuwa kuti, "Mwana ndi wa ng'ombe!" ndipo bwalo lonse linavomera mokweza, aliyense akudziombola yekha.

Dzina la Thebe linapita kwa mfumu yaikulu. Yankho lisanabwere, ng'ombe za Lesaoana zinasochera mwangozi m'munda mwa Sefako masiku atatu otsatizana, osasiya ngakhale ngala imodzi. Chaka chimenecho banja lonselo linadyera kwanga, ndipo mlamu wanga amadya ngati anthu asanu ndi awiri. Koma munda sunalandidwe.

Thebe atakhala pampando anabwera kudzathokoza, namupempha akhale mmodzi wa aphungu ake. Anamupeza akulima pomwepo.

"Ndinati ndinu wa ng'ombe, Morena. Sindinati muli ndi nzeru. Zimenezo tiziona m'tsogolomu." Analoza ndi chikwapu. "Tachotsani hatchi yanuyo, yaima pomwe ndafesa kale."