Tsamba Limene Sitinayimbe

Ndili Sitandade 6 pasukulu ina kufupi ndi Manyamula, aphunzitsi athu a kwaya ankatiphunzitsa kuwerenga nyimbo. Ankalemba pa bolodi d, r, m, f, s, ife n'kumayimba do, re, mi, fa, so. Kamzere kakatsatira chilembo tinkakoka mawu. Pamene asiya mpata tinkakhala chete, iwo akugunda phazi pansi.

Tsiku lina kunabwera amuna awiri a majekete ochokera ku Boma. Atatsegula kope la aphunzitsi, anapezamo zilembo ndi timadontho tokhatokha. Mbuli zija zinati umenewu ndi uthenga wachinsinsi wopita kwa zigawenga ku Zambia.

"Ndapota bwana, ndi nyimbo chabe," anatero aphunzitsi, n'kutembenukira kwa ife. "Ana anga, yimbani tsamba ili amve."

Tsambalo tinkalidziwa chomene. Koma mmodzi wa amunawo anatiyang'ana, dzanja lili m'thumba, ndipo palibe anatsegula pakamwa. Inenso, wotsogolera sopulano, ndinangozyolika.

Aphunzitsi anagunda phazi kanayi kuti tiyambe. Anagundanso kanayi. Kenako amuna aja anawakweza m'galimoto, ndipo sitinawaonenso.

Mpaka lero tsamba lija ndimatha kuliyimba lonse, osaphonya ngakhale chilembo chimodzi.