Phale limodzi, agalu awiri

Mkazi wanga anamwalira ndi mliri wa chimfine uja unabwera nkhondo itangotha. Maliro atatha, abale ake anandisudzula mwaulemu wonse. Ana anatsala kwa atsibweni awo, munda unatsala, nkhokwe nayo inatsala. Ndinachoka m'mudzi wa cha ku Sinda uja ndi khasu, mphasa ndi buku langa la nyimbo. Nditawoloka dambo ndinacheuka, n'kuona galu wa mkazi wanga, wofiira, akunditsata. Sindinamuitane, komanso sindinam'bweze.

Kwathu, pafupi ndi mtsinje wa Katete, ndinafikira kwa mlongo wanga. Mwamuna wake, mlamu wanga, anali ndi galu wakuda, wokalamba, mwini bwalo. Sindinatule n'komwe katundu, awiriwo atagwirana kale pakhosi.

Sindinade nkhawa. Ndinali mkulu wa mpingo, ndipo kuyanjanitsa anthu inali ntchito yanga. Ndinkadziwa kuti anthu okangana, mukawakhazika pansi n'kudya mbale imodzi, mlandu watha. Choncho ndinatenga phale lalikulu, n'kumathiramo chakudya cha agalu onse awiri. Ndinkaima pakati pawo, manja kumbuyo, ngati ndikudikira kuti apatsane moni.

Moni wake unali mano. Tsiku lina ndinalowetsa mwendo pakati kuti ndiwalekanitse. Wakuda anandiphonya, koma wanga yemwe sanandiphonye.

"Alamu," anatero mlamu wanga akundimanga sanza pakatumba, "kodi uku ndiye kuyanjanitsa kwa kutchalitchi kwanu? Mwayanjanitsa mano ndi mwendo."

Tinaseka. Koma khutu la galu wake litang'ambika, kuseka kunatha. Anandiuza poyera kuti wofiirayo akadzalumanso adzamupereka kwa alenje odutsa, apite naye kutali. Galu wake analidi wovulala, ndipo bwalo linali la banja lake. Koma cha m'nyumba ya mkazi wanga chimene ndinatsala nacho chinali galuyo basi.

Masiku omwewo wofiira anayamba kuwonda. Nthiti zinaonekera, ubweya unayima, mimba yokha ndiyo inatupa. Ine ndinamvetsa msanga: galu akulira mbuye wake. Zinandikhudza kwambiri, moti ndinazinena ndi kumapemphero komwe, kuti ngakhale nyama yopanda mzimu imadziwa kukhulupirika. Amayi ena anapukuta misozi. Pofuna kum'tonthoza, ndinkam'pemphera matumbo aawisi kulikonse kumene aphako mbuzi kapena gwape, n'kuwaika m'phale lomwe lija. Wakuda naye ankawafuna matumbowo, ndiye nkhondo inkakulirakulira. Wofiira ankameza msangamsanga, koma osanenepa, ndipo ine ndinkati chisoni chake n'chakuya.

M'mawa wina mlongo wanga akusesa anaima.

"Achimwene, tabwerani mudzaone chisoni cha galu wanu."

Galuyo anali akudzikhwekhwereza matako pansi. Mlongo wanga ananyamula mchira wake ndi kamtengo. Pansi pake panali tinthu toyera, tonga njere za nkhaka, ndipo tinkayenda.

"Chisoni chimayenda chonchi?"

"Mwina ndi zonse ziwiri," ndinatero.

"Ndi njoka za m'mimba izi. Mwamudyetsa zaziwisi mpaka wadzaza. Ndiye mumagona naye pamphasa, ndi utitiri wakewo! Galu wanjala yosatha mukumuika phale limodzi ndi mnzake, mukuti aziyimba nyimbo?"

Mlamu anamva zonse ali pakhonde. "Alamu, Lamulungu likubwerali mukalalikirenso. Mukati kukhulupirika kwatuluka kumchira."

Mlongo wanga anasenda nthanga za maungu, n'kuzisinja ziwisi mpaka zitasalala. Anam'manga galuyo kumtengo osam'patsa kanthu tsiku lonse, kenako anam'patsa nthangazo zosakaniza ndi kaphala. Zimene zinatuluka sindizilongosola zonse. Njoka yake inali yaitali, yoyera, yaphanthiphanthi ngati luzi, ndipo ine amene ndinailalikira ndi amene ndinaikwirira, m'dzenje lakuya kuti nkhumba zisafukule. Patapita masiku tinabwerezanso. Mphasa yanga anaithira madzi otentha n'kuiyanika padzuwa, galu tinam'khwekhweza phulusa m'ubweya, ndipo matumbo aliwonse anayamba kuphikidwa kaye.

Za phale, ndinapempha kuti tiyesenso kamodzi, popeza tsopano njala yatha. Mlongo wanga anatola mwala, n'kuliswa phalelo pakati. Chibenthu china anachiika pakhonde, cha wakuda, ndipo iye ndiye ankayamba kudya monga mwini mudzi. China anakachiika kuseri kwa nkhokwe, kumene wofiira sakanamuona mnzakeyo. Ndinazindikira kuti wanga anali mkamwini pano, ngati mmene ndinalili ine ku Sinda, woyenera kudikira.

Sanakondanepo. Ankadutsana mouma khosi, aliyense kuyang'ana kwake. Koma sanalumanenso, ndipo alenje atafika m'chilimwe, mlamu anawapatsa madzi akumwa n'kuwalozera njira, osatchula za galu.

Wofiira ananenepa, ubweya n'kuyamba kunyezimira, n'kumathamangitsa nkhuku mosangalala. Kunena zoona, zinandiwawa pang'ono. Ndinkayesa tikulira awiri.

Ine ndekha ndinatsala wowonda. Madzulo ena ndinaona mlongo wanga akundiyang'anitsitsa nthiti, kenako n'kuyang'ana nthanga zotsala m'lichero. Ndinamuuza kuti zanga n'zachisoni chenicheni.

"Ndi mmene munkaneneranso za galu," anatero, akukoka mtondo.