Ndinkati Rosita Kulibe

Inu owerenga, ine ndinanama katatu konse, ndipo bodza lonselo linapweteka mwana wanga yemwe. Mpaka lero ndikaganiza mtima umandiwawa.

Rosita anasiya kuona ali wamng'ono, atadwala chikuku tili kothawa nkhondo ku Malawi. Titabwerera kwathu kuno ku Tsangano tinkamulera monga ankachitira anzathu onse: kukabwera alendo, wolumala alowe m'nyumba. Ifetu tinkati n'chikondi, kuti anthu asamuseke.

Masiku amenewo kunali a Zakeyo, bambo amene bomba lokwiriridwa pansi linawadula mwendo. Iwowa ndi amene anayambitsa bungwe lopezera ntchito anthu olumala. Bungwe lake lotani, poti linali kope limodzi ndi benchi pakhonde la tchalitchi! Ankayenda m'midzi kulemba mayina, kenako n'kumakagogoda kwa atelala, kwa eni zigayo ndi kwa ogula mbewu, kuwapempha kuti angomuyesako munthu sabata imodzi.

Ulendo woyamba anafika pakhomo panga ndi ndodo ziwiri, thukuta lili kamukamu. Apo n'kuti Rosita ali namwali. Ndinawauza kuti kuno kulibe munthu wotero. Wachiwiri anabwera atakwezedwa panjinga, ndinati wapita kwa azakhali ake ku Furancungo. Wachitatu anabwera pa mota, njinga yamoto ija, bungwe litakula mpaka kukhala ndi ofesi ku vila, kutauni kwathu. Pamenepo ndiye ndinakalipa, ndinati kulibe, ndiponso mwana wanga si wokaonetsa pamsika. Iwo anangoti, "Chabwino achimwene, tidzabweranso." Maulendo onsewo Rosita anali kuseri kwa chitseko, akumva.

Chonsecho mwanayo ndi amene ankatisankhira mbewu ya kachewere. Akangoipapasa mbatata ankadziwa yoola m'kati, ife amasofe tisanaione. Koma ine kuuma mutu, sindinaone kuti imeneyo ndi ntchito.

Mayi ake atamwalira, nanenso miyendo itayamba kukana, mantha anandigwira. Ndikafa ine, adzakhala wa yani? Ndinamugwira dzanja, tinakwera minibasi, ija timati shapa, mpaka ku vila. Tinapeza kuti a Zakeyo anatisiya kalekale. Mayi amene ankayendetsa ofesiyo, woyenda panjinga ya olumala, atamva dzina anatulutsa kope lakale lija, masamba ali othothoka. Rosita anali patsamba loyamba. Pambali pa dzinalo panalembedwa kuti bambo ake akukana, tidikire. Mayiyo anandiwerengera mosandinyoza, koma ine ndinasowa poyang'ana ndi manyazi.

Anamupezera malo kwa wamalonda wina wosunga mbewu ya kachewere, ndipo sabata yoyeserera isanathe anamulemba ntchito. Pano ali ndi anzake, amaseka mokweza. Kuseka kumeneko ine bambo wake sindinkakudziwa.

Tsiku lina ndikukamutenga poweruka ndinalimba mtima n'kumupepesa. Anandisisita dzanja n'kunena kuti, "Ababa, sindikusungirani chakukhosi. Koma maulendo atatu onse aja, ndikangomva mawu a Zakeyo ndinkavala nsapato n'kumadikira kuti mundiitane."

Abale, ndinalira pamsewu, munthu wamkulumkulu ine.

Makolo anzanga, zaka zimene ndinamudyera Rosita sizidzabwerera, ndipo a Zakeyo anapita ndisanawathokoze. Wina akagogoda pakhomo kufunsa za mwana wanu wolumala, chonde musamuyankhire monga ndinachitira ine. Tsegulani chitseko ayankhe yekha, mwinatu nsapato wavala kale.