Bokosi la "Ilibe Mwini"

Ikadzalembedwa mbiri ya anthu amene anaphunzitsa makina kuimba m'Chinyanja, dzina langa liyenera kudzakhala pamwamba. Kunena zoona, ine ndinkangogwira maikolofoni ndi kuthamangitsa nkhuku.

Ntchitoyo ndinaiona pa foni, patatha miyezi itatu ine ndi koleji titasiyana mwamtendere. Kampani ina ya ku Lusaka inkafuna munthu wa ku Kafue wojambula mawu a anthu akuimba, kuti makina awo a AI amvetsere, aphunzire, kenako azipeka nyimbo okha. Anandipatsa kachojambulira, maikolofoni yovala kasiponji, mahedifoni ndi mulu wa mafomu. Malamulo anali osavuta: maikolofoni italikirane ndi pakamwa chibakera chimodzi, uyambe wajambula bata la m'chipinda kwa theka la mphindi, ukamaliza uchonge pa foni kuti nyimboyo ndi ya ndani.

Mabokosi ochonga anali awiri. Ukachonga "ili ndi mwini", unkayenera kumuwerengera mwiniyo masamba anayi a Chingelezi kuti asaine. Ukachonga "yamakolo, ilibe mwini", failo inkangopita. Bwana wanga, ba Mwansa, anandiunikira pa foni: "Iwe, ngati siili pa wailesi, ni yamakolo. Osataya nthawi."

Ndinachonga yamakolo ku Chanyanya, ndinachonga yamakolo ku Shimabala. Makolo athu anapeka nyimbo zambiri chaka chimenecho, zina zotchula ndi minibasi zomwe.

Loweruka lina ndinakajambula kwaya ya amayi kutchalitchi kwathu ku Kafue Estates. Atamaliza zonse, wotsogolera wawo, a Nabanda, mnzawo wa amayi anga, anayamba okha nyimbo imene ndinali ndisanaimvepo. Amayi enawo sanavomere, anangoweramitsa mitu. Ine maso anali pa kamzere kobiriwira ka pa chojambulira, kuti kasafike pofiira. Mawu anatuluka oyera bwino. Ndinachonga yamakolo, n'kutumiza.

Patapita milungu iwiri a Nabanda anandipeza pakhomo. Anamva kwa amayi anga kuti ndinajambula zonse, ndiye ankafuna kudzimvera. Ndinawapatsa foni. Anavala magalasi, anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anagunda ndi chala pansi pa failo.

"Apa palembedwa chiyani, mwanangu?"

"Ilibe mwini, amayi."

"Ilibe mwini. Nanga ine ndinafa liti?"

Ndinaseka ndekha. Iwo sanaseke.

"Nyimbo iyi ndinapekera Esinati, mwana wanga, pa maliro ake. Ndimaiimba kamodzi pachaka, tsiku limene anatisiya. Sindinadziwe kuti kanthu kako kojambulira kaja kanali koyatsa. Makina akowo akaiphunzira, aziimbira ndani?"

Apa ndinatulutsa maphunziro anga onse a chaka ndi theka ku koleji. Ndinawafotokozera kuti nkhaniyi anthu akukangana nayo dziko lonse: ena akuti makina akuba ntchito za eni ake, ena akuti amangophunzira pomvetsera, monga amaphunzirira mwana wa m'kwaya.

"Mwana wa m'kwaya ndimamudziwa dzina," anatero a Nabanda. "Akaiimba kumowa ndimukoka khutu. Kaichotse."

Lolemba m'mawa ndinakwera minibasi ya ku Lusaka. Ba Mwansa anandimvetsera akudya chitumbuwa.

"Failo tingaifafanize manje manje," anatero, ndipo anaifafanizadi ine ndikuona. "Koma makina anaiphunzira kale, kudala. Unachotsapo mchere mu ndiwo zakupsa?"

Ndinati ndi kuba kumeneko. Anapukuta zala papepala.

"Anachonga bokosi ni ndani, mwana? Ni makina?"

Ndinasiya maikolofoni patebulo pawo pamodzi ndi siponji yake, n'kutuluka ngati munthu wa mfundo. Palibe anandiitana.

M'minibasi pobwerera ndinakonza bodza labwino, loti zonse zachotsedwa. Koma nditafika kwa a Nabanda, ndinawapeza akuyanika zovala, ndipo anandiyang'ana pamwamba pa magalasi aja. Bodza linathawa. Ndinawauza zonse, mpaka za mchere zomwe.

Anayanika chitenje china, anachiwongola bwinobwino m'mbali zonse.

"Chabwino," anatero. "Aisunge. Ine sindidzaiimbanso."

Tsiku la Esinati lakwana kawiri chichitikireni zimenezo. Amayi anga akuti pa tsikulo kwaya ikamaliza nyimbo zake, amayi onse amaweramitsa mitu monga kale, amadikira pang'ono, kenako amayamba kupinda nsalu ya patebulo.

Masiku ano ndimajambula maukwati. Ndisanadine batani lofiira ndimafunsa kuti nyimboyi ndi ya ndani, ndipo ndikaona anthu aweramitsa mitu, ndimazimitsa. Ine nkhani yonseyi inandidyera makwacha 90 a minibasi, kupita ndi kubwera. Pa tonse, amene analipira zochepa ndine.