Ziwala za ku Bangkok

Mwana wanga wamkazi anasiya kudya za kwathu ali ku pulayimale. Nthawi imeneyo tinkakhala ku Sighthill, dera la mumzinda wa Glasgow kuno ku Ulaya, m'nyumba zosanjikizana zija anazigwetsa. Achemwali anga anali atatitumizira ngumbi kuchokera ku Ntcheu, ndipo ine ndinamupatulira pang'ono m'kabokosi kake ka chakudya cha kusukulu. Anzake atasuzumira m'kabokosimo, anamuseka mpaka kumupatsa dzina. Anabwera kunyumba maso ali psuu, n'kundiuza m'Chingerezi chake cha ku Glasgow, chija amalankhula ngati akutafuna chimanga chokazinga, kuti sadzalawanso zinthu zanga.

Sindinapepese, ndipo mpaka lero sindiona chimene ndinalakwa. Koma mwanayo anasungadi mawu ake. Titasamukira ku Govanhill, phukusi likangofika ndi munthu wa kutchalitchi wochokera kumudzi, iye ankatsegula mawindo onse, ngakhale kunja kukugwa chipale, n'kutenga mbale yake kukadyera kuchipinda. Ine ndinkatsala ndekha patebulo ndi usipa wanga. Zinkandiwawa kwambiri. Masana ndimadyetsa nkhalamba za eni ake kunyumba yosamalira okalamba ku Springburn, koma wanga wobereka ndekha sankapisa dzanja m'mbale imodzi ndi ine. Ndinkaopa kuti ndalera mlendo, woti ine ndikadzatsikira kuli chete sadzakhalanso ndi chomukumbutsa kwawo.

Atamaliza maphunziro n'kuyamba ntchito, anandidzidzimutsa ndi matikiti a ndege.

"Mum, inu mumangodziwa Glasgow ndi Ntcheu basi. Tiyeni ku Bangkok mukaone dziko."

Ndinavomera msanga, poti ine ulendo sindikana. Polongedza, anatulutsa chitenje changa m'chikwama, akuti kumeneko n'kutawuni. Atatembenuka ndinachibwezeramo.

Bangkok, likulu la dziko la Thailand, anatilandira ndi kutentha kwa ku Nsanje mwezi wa Okutobala. Mwana wanga ankangodzipepeza ndi kapepala, ine mafupa anga akuthokoza Mulungu. Tinakwera boti pa mtsinje waukulu wodutsa pakati pa mzindawo, tinakwera njinga zamoto za matayala atatu zimene oyendetsa ake saopa imfa. Kenako tinafika pa kachisi wina wa denga lonyezimira, mmene muli chifanizo chagolide chogona cham'mbali, chachitali moti sungachione chonse uli malo amodzi. Pachipata mlonda analoza kabudula wa mwana wanga n'kupukusa mutu. Ndinangotulutsa chitenje chija, n'kumumanga m'chiuno pamaso pa anthu onse, ndipo anatsegulira tonse awiri.

Zakudya zawo sizinandivute. Mpunga womata wothira mkaka wa kokonati, wodyera mango, ndinaudya mpaka kunyambita supuni. Msuzi wa nsomba unamutulutsa misozi mwana wanga, pomwe ine wokulira kambuzi ndinapempha kuti awonjezere tsabola.

Masana a tsiku lomaliza tinalowa mumsika. Tinadutsa ogulitsa zipatso, ogulitsa nsalu, mpaka mphuno yanga inagwira fungo limene ndimalidziwa kuyambira ndili wa mamina. Pangodya panali mayi wa msinkhu wanga, atayala mathireyi pa ngolo yake. Ziwala zokazinga! Pambali pake nkhululu zonenepa, ndi tizilombo tina tofanana ndi mphalabungu. Alendo achizungu anaima chapatali, akujambula ndi mafoni, nkhope atakwinya.

Kwathu munthu sagula ndiwo zoterezi asanalawe. Dzanja langa linapita lokha. Ndinatola chiwala chimodzi, n'kuthothola miyendo yaminga ija, n'kuponya m'kamwa.

Mwana wanga anandigwira mkono mwamphamvu.

"Mum! Mwatani? Kuno si ku Ntcheu, kumeneko n'kuba! Atiitanira apolisi!"

"Taleka, mwanawe. Ndikulawa."

Mayi uja anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anayang'ananso miyendo ya chiwala imene inali m'manja mwanga, n'kuphulika kuseka. Anatola nkhululu yaikulu n'kundipatsa, maso ali pa ine kuti aone ngati ndithawe. Ndinaidya bwinobwino, n'kumuonetsa ndi zala kuti mchere wachepa. Anagwedeza mutu, n'kuwaza timadzi takuda ta mchere ndi tsabola wosinja. Chinenero chake sindichidziwa, changa sachidziwa, koma tinamvana ngati tinkatunga madzi pa mjigo umodzi.

Ndinagula ziwala, iye n'kundiikira m'kapepala. Nditalipira sindinachoke. Ndinaima pomwepo, kapepala kali kukamwa yasa.

"Mukudikiranso chiyani?" anafunsa mwana wanga, atatsala pang'ono kulowa pansi ndi manyazi.

"Basela."

"Mum, please. Kuno za basela sazidziwa."

Mayi uja ankazidziwa. Anatapa ziwala zodzaza dzanja, koma sanathire m'kapepala kanga. Anatambasulira dzanja kwa mwana wanga.

Apa ndiye ndinaona kuti sindinalere pachabe. Mwanayo asanaganize n'komwe, manja ake awiri anali atatambasuka kale, mawondo atapinda pang'ono, monga ndinkamuphunzitsira ali wamng'ono kuti cha akulu salandira ndi dzanja limodzi. Anazindikira ziwala zili kale m'manja. Kutaya sakanatha, mayiyo ali pomwepo akumumwetulira. Anayang'ana ine kuti ndimupulumutse, ine n'kuyang'ana kumbali, kuchita ngati ndikusirira mananazi. Ndinadziuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nditatembenuka, anali atasankha chimodzi. Anathothola miyendo mwaluso lake, osafunsa munthu. Anatafuna pang'onopang'ono, n'kumeza, n'kutolanso china. Kenako analankhula m'Chichewa chosasakaniza, chimene ndinali ndisanachimve pakamwa pake kwa zaka zambiri.

"Ngumbi za amayi aakulu zija zinkakoma kuposa izi."

Zaka zonsezi mwanayu ankakumbukira kukoma kwake, akutsegula mawindo. Misozi inalengeza, ndipo ndinanamizira tsabola. Mayi wogulitsa uja sindikudziwa anamva chiyani, koma anandisisita paphewa tisanachoke.

Tinabwerera ku Glasgow, kumvula yathu ya masiku onse. Za kumsika kuja sitinakambiranenso, ndipo ine ndinkadziuza kuti mwina zinali za paulendo chabe, poti munthu akakhala kwa eni amachita zambiri zimene kwawo sangachite.

M'nyengo yozizira, mayi wina wa kutchalitchi kwathu anabwera kuchokera kumudzi ndi phukusi la achemwali anga. Loweruka masana ndinaika chiwaya pamoto, ndipo mwa chizolowezi ndinayamba ndatsegula windo la kukhitchini kuti fungo lisamupeze mwana. Ndinakhala patebulo ndekha ndi mbale yanga ya ngumbi, mphepo ikundilasa m'khosi.

Ndinamva chitseko cha kuchipinda chikutseguka. Mwana wanga analowa, n'kupita molunjika pawindo, n'kulitseka. Anasamba m'manja, anakoka mpando.

"Amayi, kukuzizira," anatero. "Tasunthirani mbaleyo pakati."